Kodi Deep Purple ya lero ndi yomwe ija ya pa mbale za malume?

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Chipata: Malume anga, omwe ankagwira ntchito ku migodi ya ku Kitwe m'zaka za m'ma 1970, anandisiyira mbale zakale za galamafoni, ndipo zitatu mwa izo ndi za Deep Purple. Nkhope za pa zikuto zake sizikufanana, ndipo mawu a woimba pa chimbale china ndi osiyana ndi a pa chinzake. Ndamvanso kuti bandiyi ikuimbabe mpaka pano. Kodi ndi bandi imodzi, kapena pali anthu amene akungodyera masuku pamutu eni dzina?

Achimwene, malume anu anali ndi khutu labwino. Sindikudabwanso kuti mbalezo zinachokera ku Copperbelt, chifukwa ndi nthawi yomweyo imene anyamata a Zamrock, rock ya ku Zambia, monga WITCH ndi Ngozi Family, ankamvera kwambiri rock yolemera ya ku Britain ndi ku America.

Bandi ndi imodzi. Inayamba ku England mu 1968, ndipo kuchokera pamenepo anthu 15 aimbamo, tikawerengera ndi mmodzi amene anangogwirizira kwa miyezi yochepa. Pa onsewo, amene wakhalamo nthawi zonse ndi mmodzi yekha, woimba ng'oma Ian Paice. Okonda bandiyi anatopa n'kusokonezeka mpaka anayamba kupatsa manambala magulu ake: Mark I, Mark II, mpaka Mark IX wa masiku ano. Koma mukafuna kumvetsa chimene chinkachititsa kusinthaku, musataye nthawi kuloweza manambalawo. Yang'anani munthu mmodzi, woimba gitala Ritchie Blackmore. Kuyambira 1968 mpaka 1993, pafupifupi aliyense amene analowa kapena kutuluka anatero chifukwa cha zimene Blackmore ankafuna kapena zimene ankakana. Iye atachoka, palibenso amene wachotsedwa ntchito.

Mbale zanuzo mukhoza kuzizindikira ndi zikuto. Ngati nkhope zisanu zasemedwa paphiri la mwala, chimenecho ndi In Rock cha 1970. Ngati nkhopezo zikuoneka mwachimbuuzi ngati zikuwala pa chitsulo, ndi Machine Head cha 1972. Ngati mitu yawo yasanduka makandulo oyaka, ndi Burn cha 1974, ndipo amene mukumumvayo ndi woimba wina kale. Ngati nkhope zili m'tambula ya vinyo, ndi Come Taste the Band cha 1975, chomwe mulibemo Blackmore n'komwe.

Chiyambi chake n'chodabwitsa pang'ono. Amene anabwera ndi maganizo oyambitsa bandi sanaimbemo ndi tsiku limodzi lomwe. Anali Chris Curtis, yemwe kale ankaimba ng'oma mu The Searchers. Iye ankafuna gulu lotchedwa Roundabout, loti oimba azilowa ndi kutuluka mmene afunira. Anakopa anthu andalama, Tony Edwards ndi John Coletta, amene anadzakhala mamanijala, anakopanso Jon Lord ndi Blackmore, kenako iye mwini anazimiririka. Otsalawo anapeza Nick Simper woimba bezi, Rod Evans woimba ndi pakamwa, ndi Paice, yemwe ankaimba limodzi ndi Evans m'bandi ina. Dzina la Deep Purple analitenga pa nyimbo yakale imene agogo ake aakazi a Blackmore ankaikonda.

Gulu loyambali linatulutsa zimbale zitatu m'kanthawi kochepa, ndipo nyimbo yawo Hush, yomwe inali ya Joe South, inafika pa nambala 4 ku America pamene kwawo ku Britain anthu sankawalabadira. Evans anali ndi mawu osalala, oyenera nyimbo zofatsa. Vuto linali lakuti mu 1969 mphepo inali itatembenuka. Led Zeppelin inali itatulukira ndi woimba wokuwa mokweza, ndipo Blackmore, Lord ndi Paice anagwirizana zoti nawo alemeretse nyimbo zawo. Anapeza Ian Gillan m'bandi yotchedwa Episode Six, ndipo naye anabwera ndi mnzake wa bezi, Roger Glover. Njira imene anachitira sinali yaulemu: anayamba kujambula ndi anthu atsopanowa mwamseri pamene Evans ndi Simper ankaimbabe nawo m'makonsati, osadziwa kuti malo awo aperekedwa kale.

Apa ndi pamene panabadwa Mark II, gulu limene anthu ambiri amaliganizira akamva dzina la Deep Purple, ndipo ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Chinsinsi cha kamvekedwe kawo chinali Jon Lord. Iye anaphunzira nyimbo zachikale za ku Ulaya kuyambira ali mwana, ndipo ankaimba limba la Hammond, lofanana ndi lija mumalimva m'matchalitchi ena. M'malo molisiya kuti lizimveka mofatsa kumbuyo, analilumikiza ku zimkuzamawu za Marshall zimene oimba gitala amagwiritsa ntchito, limbalo n'kuyamba kubangula. Motero bandiyi inakhala ndi zida ziwiri zotsogolera zolimbirana malo, limba ndi gitala, wina akaponya mnzake n'kubweza, pamene Paice ndi Glover akugwira pansi kuti zinthu zisamwazike. Paice naye sanali wongomenya mwamphamvu. Anakulira pa nyimbo za jazz za mabandi akuluakulu, ndipo dzanja lake limapepuka ngakhale nyimbo ikuthamanga. Mabandi ena a nthawi imeneyo anali ndi magitala olemera, koma mpikisano wa limba ndi gitala unali wa Deep Purple. Woimba angasinthe, koma chimenechi chikachoka ndiye kuti bandi yatha, ndipo mpaka lero sichinachoke.

Chinthu choyamba chachikulu chimene gululi linachita chinali cha Lord. Mu September 1969 anaimba ku Royal Albert Hall pamodzi ndi Royal Philharmonic Orchestra, motsogozedwa ndi Malcolm Arnold. Blackmore sanasangalale nazo kwenikweni, ndipo anaumirira kuti chimbale chotsatira chikhale cha rock yeniyeni. Chimenecho ndi In Rock, kenako Fireball mu 1971, kenako Machine Head.

Nkhani ya Machine Head ndi yotchuka, koma ndi yoona. Mu December 1971 anapita ku Montreux, ku Switzerland, kukajambula m'nyumba ya juga ya m'tauniyo pogwiritsa ntchito situdiyo ya pagalimoto ya Rolling Stones. Pa 4 December, Frank Zappa ali pasiteji m'nyumbamo, munthu wina anawombera kamfuti kotulutsa moto kudenga, nyumba yonse n'kupsa. Anyamatawa ankaonerera utsi ukuyenda pamwamba pa nyanja ya Geneva. Anakamalizira ntchitoyo m'makonde a hotela ina yomwe inali yotseka chifukwa cha nyengo yozizira, ndipo nyimbo ya Smoke on the Water imangofotokoza zimenezi mmene zinachitikira. Chaka chotsatira, mu August 1972, anajambula makonsati atatu ku Osaka ndi ku Tokyo, n'kutulutsa Made in Japan. Ine ndimati amene akufuna kudziwa chimene bandiyi inali, ayambire pamenepo. Nyimbo ya mphindi zisanu imatha kufika mphindi pafupifupi makumi awiri, ndipo pali malo pamene Gillan amatsanzira kulira kwa gitala ndi mawu ake, Blackmore n'kumukwezera dala kuti aone ngati afikapo.

Kuseri kwa zokomazo, anthu awiriwa sankamwerana madzi. Ulendo wa makonsati unali wosatha, mamanijala sankawapatsa mpata wopuma, ndipo onse awiri anadwalapo matenda a chiwindi ali ku America. Pamene ankajambula chimbale cha Who Do We Think We Are anali atafika posalankhulana. Gillan analemba kalata yosiya ntchito, ndipo konsati yake yomaliza inali ku Osaka mu June 1973. Glover, yemwe sanalakwire munthu, anamva kuti Blackmore sakumufunanso, naye n'kunyamuka. Taganizani: bandi ili pachimake, zimbale zikugulidwa kwambiri ku America, ndiye anthu awiri mwa asanu apita.

Anatenga Glenn Hughes wa bandi ya Trapeze, woimba bezi yemwenso ali ndi mawu okwera. Pa malo a Gillan ankafuna Paul Rodgers wa bandi ya Free, koma anakana. Mapeto ake anasankha mnyamata amene palibe ankamudziwa, David Coverdale, yemwe ankagulitsa zovala m'sitolo ku Redcar, kumpoto chakum'mawa kwa England, ndipo anangotumiza tepi. Mark III inakhala ndi oimba awiri olandizana, ndipo Burn ndi chimbale chimene chingaime pambali pa Machine Head popanda manyazi. Mu April 1974 anaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha California Jam pamaso pa chinamtindi cha anthu, kumene Blackmore anaswa kamera ya TV ndi gitala yake n'kuphulitsa zimkuzamawu.

Koma anthu amene anawabweretsa yekha ndi amene anamuthamangitsa. Hughes ndi Coverdale ankakonda soul ndi funk, ndipo pa Stormbringer, chakumapeto kwa 1974, kakomedwe kameneko kanalowa kwambiri. Blackmore anaipidwa nazo, ndipo mu 1975 anachoka n'kukayambitsa Rainbow ndi Ronnie James Dio.

Otsalawo anayesa kupitiriza ndi Tommy Bolin, mnyamata wa ku America waluso kwambiri amene anaimbapo ndi James Gang komanso Billy Cobham. Come Taste the Band ndi chimbale chimene anthu amachinyoza mopyola muyeso. Ngati chili pa zitatu zanuzo, chisungeni bwino. Koma Bolin anali atakodwa m'mankhwala osokoneza bongo, Hughes nayenso chimodzimodzi, ndipo makonsati ena ankachititsa manyazi. Womaliza unali ku Liverpool mu March 1976. Mu July analengeza kuti bandi yatha. Pa 4 December chaka chomwecho Bolin anamwalira ku Miami chifukwa cha mankhwalawo ali ndi zaka 25.

Tsopano tifike pa mtima wa funso lanu, lija loti kodi pali odyera dzina la eni ake. Zinachitikapo kamodzi, ndipo amene anazichita anali mmodzi mwa oyambitsa. Mu 1980, bandi itatha zaka zinayi ili chete, anthu ena okonza makonsati ananyengerera Rod Evans kuti atsogolere gulu la oimba osadziwika pansi pa dzina la Deep Purple. Anaimba ku Mexico, ku America ndi ku Canada, ndipo m'malo ena anthu ataona kuti apusitsidwa anachita chipolowe. Mamanijala a bandi yeniyeni anakasuma, khoti linagamula kuti Evans alipire madola 672,000, ndipo anataya ndalama zimene ankalandira pa zimbale zitatu zoyamba zija. Kuchokera pamenepo sanaonekenso pagulu. Ndimamumvera chisoni, chifukwa amene anakonza chinyengocho anamuika iye kutsogolo kuti mlandu ukagwa ugwere iye. Koma chigamulocho chinaonetsa poyera kuti kukhalapo tsiku loyamba sikumpatsa munthu dzina. Dzinalo linali ndi eni ake mwalamulo, ndipo bandi imene mukuiona lero ndi imene inalitenga m'njira yoyenera.

Zaka zisanu ndi zitatu za chete, kuyambira 1976 mpaka 1984, zimaseketsa ukaziona bwino, chifukwa anthuwa sanatalikirane. Lord ndi Paice anakalowa mu Whitesnake ya Coverdale. Glover, yemwe Blackmore anamukana mu 1973, anakakhala woimba bezi wa Rainbow ya Blackmore yemweyo mu 1979. Gillan anali ndi bandi yake, kenako anaimba chimbale chimodzi ndi Black Sabbath mu 1983. Choncho pamene asanu a Mark II anabwererana mu 1984 n'kutulutsa Perfect Strangers, sizinali zochokera kumwamba. Chimbalecho chinagulidwa kwambiri ndipo makonsati ankadzaza.

Mtendere sunakhalitse. Pambuyo pa The House of Blue Light cha 1987, mkangano wakale unabuka, ndipo mu 1989 Gillan anachotsedwa. M'malo mwake munalowa Joe Lynn Turner, yemwe anali woimba wa Rainbow. Apa anthu atatu mwa asanu anali ochokera ku Rainbow, ndipo Slaves and Masters cha 1990 chimamveka choncho. Lord, Paice ndi Glover anaumirira kuti Gillan abwerere pokonzekera zaka 25 za bandi, Blackmore anavomera monyinyirika, ndipo anatulutsa The Battle Rages On mu 1993. Ulendo wa chaka chimenecho unali wovuta kuuonerera. Ku Birmingham, Blackmore anachedwa kulowa pasiteji nyimbo yoyamba itayamba kale, n'kuwaza madzi cha kumene kunali wojambula kanema. Anang'amba chiphaso chake cholowera ku Japan, anaimba komaliza ku Helsinki mu November 1993, ndipo sanaimbenso ndi Deep Purple mpaka lero. Mu 1997 anayambitsa Blackmore's Night ndi Candice Night, yemwe pambuyo pake anakhala mkazi wake, n'kuyamba kuimba nyimbo zofatsa za kalembedwe ka ku Ulaya wamakedzana.

Matikiti a ku Japan anali atagulitsidwa kale, ndiye anapempha Joe Satriani kuti agwirizire. Anaimba nawo kumeneko mu December 1993 ndi ku Ulaya mu 1994, koma anali ndi ntchito yake ndi mapangano ake, ndipo sanajambule nawo chimbale cha mu situdiyo. Amene anakhazikika anali Steve Morse wa ku America, wochokera m'mabandi a Dixie Dregs ndi Kansas.

Pano ndi pamene okonda bandiyi amagawanika, ndipo ndikuuzani mbali imene ndili. Ena amati popanda Blackmore palibe Deep Purple. Ndimawamvetsa. Nyimbo zimene zinapanga dzinali zinatuluka m'manja mwake, ndipo ukali umene unkavutitsa anzake ndi womwewo umene umamveka pa In Rock. Palibe chimbale cha pambuyo pa 1994 chimene ndingachiike pamwamba pa zija za 1970 mpaka 1974. Koma kunena kuti zonse za pambuyo pake ndi zabodza ndi kukana kuwerenga. Blackmore anakhala m'bandiyi zaka pafupifupi 16 tikaphatikiza maulendo ake awiri. Morse anakhalamo zaka 28. Gillan, Glover, Lord ndi Paice, anayi mwa asanu a Mark II, ndi amene anatsala, ndipo nawonso analemba nawo nyimbo zija. Munthu mmodzi akachoka pa anthu asanu, sindikuona chifukwa choti anayiwo asiye ntchito imene anaimanga limodzi. Morse sanayese kutsanzira Blackmore. Kaimbidwe kake n'koyera, kodzaza ndi manotsi othamanga, ndipo Purpendicular cha 1996 chimamveka ngati cha anthu amene ayambanso kusangalala ndi ntchito yawo. Anayambanso kuimba nyimbo zakale zimene zinali zitaiwalika pa makonsati.

Kusintha kwa pambuyo pake n'kwa mtundu wina. Jon Lord anapuma mu 2002 mwamtendere kuti akalimbikire kulemba nyimbo za okestra, ndipo anamwalira ndi khansa mu July 2012 ali ndi zaka 71. Kwa ine kuchoka kwa Lord kunali koopsa kuposa kwa Blackmore, chifukwa oimba gitala aluso ndi ambiri koma odziwa kubangulitsa limba la Hammond ndi owerengeka. Mwayi wake anapeza Don Airey, yemwe anaimbapo ndi Rainbow komanso Ozzy Osbourne, ndipo anali atagwirizirapo kale pamene Lord ankavutika ndi bondo mu 2001. Ndi Airey anatulutsa Bananas mu 2003 ndi Rapture of the Deep mu 2005, kenako panadutsa zaka zisanu ndi zitatu. Mu 2012 anakumana ndi Bob Ezrin, wokonza zimbale wa ku Canada amene anagwirapo ntchito ndi Pink Floyd ndi Alice Cooper, ndipo kuyambira pa chimbale cha Now What?! cha 2013 iye ndi amene wakhala akuwajambula. Morse anachoka mu 2022 kuti akasamalire mkazi wake amene ankadwala khansa. Malo ake anatenga Simon McBride wa ku Northern Ireland, yemwe anabadwa mu 1979, patapita zaka zitatu bandi itatha koyamba. Chimbale chawo choyamba ndi iye, chotchedwa =1, chinatuluka mu 2024.

Choncho nkhalamba zimene mwamva kuti zikuimbabezo ndi Paice, Gillan, Glover ndi Airey, pamodzi ndi McBride amene akhoza kukhala mwana wawo. Ngati pa mbale zanu pali In Rock kapena Machine Head, atatu mwa iwo alipo pachikuto, kungoti tsitsi linali lalitali ndiponso lakuda. Musayembekezere mawu a Gillan a 1972. Anabadwa mu 1945, ndipo Child in Time, nyimbo imene imafuna kukuwa kwambiri, anasiya kuiimba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Amasankha nyimbo zimene khosi lake lingakwanitse, ndipo ndimaona kuti n'kwabwino kuposa kuumirira.

Funso loti Deep Purple yeniyeni ndi ndani linawavutanso a Rock and Roll Hall of Fame, bungwe lolemekeza akatswiri a rock, pamene anailandira mu 2016. Anasankha anthu asanu ndi atatu: Blackmore, Lord, Paice, Evans, Gillan, Glover, Coverdale ndi Hughes. Anasiya Simper, yemwe anali woyambitsa mofanana ndi Evans. Anasiya Bolin ndi Turner. Anasiyanso Morse ndi Airey, komabe awiriwa ndi amene anaimba pasiteji usiku umenewo, chifukwa Gillan ndi anzake anafuna kuimba ndi gulu lawo la nthawiyo. Blackmore sanabwere, Evans sanabwere, ndipo mphoto ya Lord analandira mkazi wake. M'chaka chomwecho Paice anadwala sitiroko yaing'ono, makonsati angapo ku Scandinavia n'kulephereka, koma anachira n'kubwerera pa ng'oma zake.

Patapita nthawi, Blackmore ananenapo pofunsidwa ndi atolankhani kuti akhoza kuimba nawo konsati imodzi pokumbukira zakale. Gillan wakhala akukana.